Kuchepetsa madzi pothirira matimati: mafunso ndi mayankho

Dzuwa la Seputembala ndi Okutobala likayamba kuphwetsa zitsime za m'madimba, mlimi wa matimati amawerengera keni iliyonse. Nthawi yomweyo pamamveka mawu akuti matimati omwa madzi ochepa ndiwo okoma, ofiira bwino ndiponso opatsa thanzi kwambiri. Mawuwa ali ndi choonadi, koma mlimi amene angawatsatire osafunsa kuti "liti" ndi "motani" akhoza kutaya dimba lonse.

Kodi n'zoona kuti matimati omwa madzi ochepa amakhala ndi michere yambiri?

Inde, mukamayerekeza kilogalamu ndi kilogalamu inzake. Chipatso cha matimati pafupifupi chonse ndi madzi. Pa magalamu 100 aliwonse, 94 kapena 95 ndi madzi okhaokha. Magalamu 5 kapena 6 otsalawo ndi amene muli zonse zomwe timagulira matimati: shuga, asidi amene amawawasitsa, potaziyamu, vitamini C, ndi lycopene, chinthu chimene chimafiiritsa chipatso. Mu magalamu 100 a matimati wamba akupsa mumapezeka mamiligalamu pafupifupi 14 a vitamini C, 237 a potaziyamu ndi 2.5 a lycopene.

Madzi akachepa pang'ono, masamba amapitirizabe kupanga shuga n'kumatumiza ku zipatso, koma madzi olowa m'zipatsomo amachepa. Zili ngati kuthira masupuni awiri a shuga m'kapu ya tiyi ya theka m'malo mwa yodzadza: shuga ndi yemweyo, koma tiyi amatsekemera kwambiri. Gawo lalikulu la kukwera kwa michere limachokera pamenepa.

Palinso chifukwa chachiwiri. Chomera chikamva ludzu chimapanga zinthu zodzitetezera kuti chisawonongeke ndi dzuwa ndi kuuma, ndipo vitamini C ali m'gulu la zinthu zimenezo. Ndiye kuti mbali ina ndi michere yatsopano ndithu. Komabe akatswiri akaumitsa matimatiwo n'kuyeza ufa wotsalawo, kusiyana kwa othiriridwa mokwanira ndi ochepetsedwa madzi kumachepa kwambiri. Zimenezi zikusonyeza kuti chachikulu chimene chasintha ndi kuchuluka kwa madzi m'chipatso.

Ndi michere iti imene imakwera, ndipo ndi iti imene imatsika?

Shuga ndi asidi ndiwo amakwera mosakayikitsa, n'chifukwa chake lilime limazindikira msanga. Kuchuluka kwa zinthu zosungunuka m'madzi a chipatso kumayezedwa ndi kachipangizo kotchedwa refractometer, ndipo muyeso wake ndi Brix. Matimati wamba amakhala pakati pa 4 ndi 6. Aang'onoang'ono aja, a mtundu wa phwetekere womera yekha kudzala, amaposa pamenepo.

Vitamini C nthawi zambiri amakwera. Lycopene ndi wovuta: m'minda ina amakwera, m'minda ina sasintha, chifukwa iye amamvera kwambiri kutentha ndi mtundu wa mbewu kuposa madzi.

Wotsika ndi kashiyamu, makamaka kunsi kwa chipatso. Pa thanzi la munthu zimenezi sizidetsa nkhawa, pakuti matimati alibe kashiyamu wambiri kale. Usipa ndi matemba ndiwo amatipatsa ameneyu. Koma kwa chipatsocho ndi nkhani ya moyo kapena imfa, monga tionere m'munsimu.

Ngati michere imakwera, bwanji osauza mlimi aliyense kuti achepetse madzi?

Chifukwa zokolola zimatsika, ndipo nthawi zambiri zimatsika kuposa momwe michere yakwerera. Tiyerekeze kuti mabedi anu, othiriridwa mokwanira, amatulutsa makilogalamu 100 a matimati okhala ndi mamiligalamu 14 a vitamini C pa magalamu 100. Vitamini C yense wa m'dimbamo ndi magalamu 14. Mukachepetsa madzi n'kukolola makilogalamu 80 okhala ndi mamiligalamu 16, chipatso chilichonse chalemera ndi michere, koma dimba lonse latulutsa magalamu 12.8 okha. Banja limene limadya zokolola zake lapeza zochepa.

Kenako pali msika. Pa Lizulu, pa Tsangano, ku Bembeke kapena ku Jenda, wogula amayang'ana mulu, dengu kapena beseni. Amafuna matimati akuluakulu, osalala, olimba. Palibe amene amalipira kutsekemera. Mlimi wobwera ndi matimati aang'ono okoma amapatsidwa mtengo wotsika, ndipo amafunika zipatso zambiri kuti adzaze beseni lomwelo. Ine ndimaona kuti aliyense wolangiza alimi za kuchepetsa madzi osatchula mfundo imeneyi sakuwachitira chilungamo.

Phindu lenileni la njirayi kwathu kuno lili pa madzi. Ngati chitsime chanu sichingakwanitse mabedi onse mpaka kukolola, kudziwa nthawi yoyenera kuchepetsa kumakupulumutsirani mbewu, ndipo madzi osungidwawo akhoza kuthirira bedi lina. Kukoma ndi michere zimabwera ngati zowonjezera.

Kodi matimati amafuna madzi ochuluka bwanji?

Bungwe la FAO, loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, limaika madzi ofunika kuyambira powokera mpaka pokolola, masiku 90 mpaka 120, pa mamilimita 400 mpaka 600. Milimita imodzi ndi lita imodzi pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Choncho bedi la mita imodzi mulifupi ndi mamita 10 mulitali limamwa malita 4,000 mpaka 6,000 nyengo yonse, amene ndi makeni 400 mpaka 600 a malita 10. M'chilimwe, mbewu zikakula n'kuyamba kubereka, bedi limeneli likhoza kufuna makeni 6 kapena 7 tsiku lililonse. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi limafuna ochepera pamenepo.

Musanaganize zochepetsa, werengani kaye makeni amene mukuthira panopa. Alimi ambiri othirira ndi manja akuthira kale madzi osakwanira, ndipo kwa iwo kuchepetsanso n'kuika mbewu pa chilala.

Nthawi yabwino yochepetsa madzi ndi iti?

Funso ili ndilo mtima wa nkhani yonse. Matimati samva ludzu mofanana pa msinkhu uliwonse.

Mbande zikangowokeredwa, kwa masabata awiri oyamba, musachepetse. Mizu yake yadukaduka pozula ku nazale ndipo sinagwire dothi latsopano. Zikagwira, mbewu zikamakula masamba okha, zimapirira ludzu pang'ono, ndipo kuthirira kokhathamiritsa koma mopatula masiku kumapangitsa mizu kulowa pansi.

Nthawi ya maluwa ndi kugwira kwa tizipatso ndiyo yoopsa. Ludzu likafika pamenepa maluwa amayoyoka, ndipo duwa logwa ndi chipatso chimene simudzachionanso. M'masabata awiri oyamba duwa litagwira, kachipatso kamakhala kakupanga maselo ake. Pambuyo pake maselowo amangofufuma ndi madzi. Kakasowa madzi pachiyambipo, kamakhala kakang'ono mpaka kupsa, ngakhale mutathirira motani pambuyo pake.

Mu 1979 akatswiri a FAO anapereka manambala osonyeza zimenezi momveka bwino. Madzi akaperewera ndi magawo 10 pa 100 nthawi ya maluwa, zokolola zimatsika ndi magawo 11. Akaperewera chimodzimodzi zipatso zikukula, zimatsika ndi magawo 8. Koma akaperewera zipatso zikupsa, zimatsika ndi magawo 4 okha.

Ndiye nthawi yake ndi iyi: zipatso zambiri zikafika kukula kwake, zobiriwira zija zikayamba kuyererako, ndipo kunsi kwa zoyambirira kukayamba kuoneka kufiira. Kuchokera pamene duwa lagwira mpaka chipatso kupsa pamapita masabata pafupifupi 7 kapena 8, ndipo masabata awiri kapena atatu omaliza ndiwo ochepetsera madzi. Pa msinkhu umenewu chomeracho chimakhala chayamba kale kumwa pang'ono pachokha.

Ndichepetse ndi madzi ochuluka bwanji?

Chotsani gawo limodzi pa magawo anayi kapena asanu. Pamene mumathira makeni 5, thirani 4. Kufika pa theka n'kupitirira muyeso: zipatso zimachepa kwambiri, masamba amauma, ndipo chomera chopanda masamba sichipanga shuga amene mukumufunayo.

Dothi lanu nalo lili ndi mawu. Lamakande limasunga chinyontho masiku angapo ndipo limakhululuka mukalakwitsa pang'ono. Lamchenga limauma tsiku lomwelo, kotero pamenepo chepetsani pang'ono chabe. Manyowa okwanira ndi kuphimbira mabedi ndi udzu wouma kapena mapesi zimathandiza kuti chinyontho chisamasinthe mwadzidzidzi.

Ndingadziwe bwanji kuti ndapitirira muyeso?

Pitani kudimba m'mamawa, dzuwa lisanakwere. Masamba ofota masana a Okutobala n'kudzukanso madzulo si vuto, chifukwa ngakhale mbewu yokhuta madzi imatero. Koma mukapeza nsonga zili zolendewera m'mawa, mame asanaume, mbewu yavutika kwenikweni. Kumbaninso ndi dzanja pambali pa phando mpaka zala zonse zilowe, tapani dothi la pansipo, lifumbateni. Likaumbika n'kukhala chibuma chimene chikusweka mukachikhudza ndi chala, chinyontho chili bwino. Likangomwazika m'manja, thirirani lero lomwe.

Kodi kudumphitsa masiku angapo osathirira kenako n'kuthira madzi ambiri si chimodzimodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene alimi ambiri amaluzira. Kuchepetsa madzi kumatanthauza kuthira ochepa koma mosadukiza, pa nthawi yake. Kuumitsa dothi gwa kenako n'kulimiza kumabweretsa mavuto awiri.

Loyamba ndi kuda kunsi kwa chipatso. Mumaona kachigamba kooneka ngati konyowa pamene panali duwa, kenako kamakula, kamada, kamalowa m'kati n'kuuma. Nthawi zambiri zimagwira zipatso za m'munsi, zoyambirira, zimene mlimi amayembekezera kuti zimupatse ndalama yoyamba. Ambiri amathamangira kukagula mankhwala opopera poganiza kuti ndi chiwawu, koma vutoli silibwera ndi tizilombo ayi. Kashiyamu amayenda m'chomera pamodzi ndi madzi okwera kuchokera ku mizu, ndipo madziwo amakokedwa kwambiri ndi masamba, zipatso n'kumalandira otsala. Dothi likauma, kunsi kwa chipatso, kumene kuli kutali kwambiri ndi kamtengo kake, kumasowa kashiyamu ndipo maselo a pamenepo amafa. Kawirikawiri kashiyamuyo amakhala alipo m'dothi, chosowa ndi madzi omunyamula. Feteleza wa CAN ali ndi kashiyamu, koma sangathandize m'dothi louma. Ndipo kuchulutsa urea kumakulitsa vutoli, chifukwa masamba amachuluka n'kumalanda madzi. Mitundu ya zipatso zotalikirapo, monga Roma, imagwidwa msanga kuposa yozungulira.

Lachiwiri ndi kung'aluka. Pa nthawi ya ludzu khungu la chipatso limalimba n'kusiya kutambasuka. Madzi ambiri akabwera mwadzidzidzi, m'kati mumafufuma msanga ndipo khungu limang'ambika, mwina mozungulira pamwamba, mwina mizere yotsika. Chipatso chong'aluka chimawola pasanathe masiku ambiri, ndipo mavenda amachiponya pambali posankha.

Kodi mitundu yonse ya matimati imalola kuchepetsedwa madzi?

Mitundu yaifupi imene imachita maluwa nthawi imodzi n'kupsa pafupifupi pamodzi, monga Roma, Tanya ndi Rodade, ndiyo yosavuta, chifukwa dimba lonse limafika pa msinkhu wopsa limodzi. Mitundu yaitali yomangirira ku mitengo, monga Moneymaker, imakhala ndi zipatso zakupsa m'munsi, zaziwisi pakati ndi maluwa kunsonga, zonse pa chomera chimodzi. Mukachepetsa madzi kuti za m'munsi zitsekemere, mukuyoyola maluwa a pamwamba. Pa mitundu imeneyi dikirani mpaka mutadula nsonga ndipo zipatso zomaliza zakula.

Ndamva za kuthirira mbali imodzi ya mizu. Zimenezi n'zotani?

Njirayi inayambira ku Australia m'zaka za m'ma 1990, pa minda ya mphesa, ndipo pambuyo pake inayesedwa pa matimati m'mayiko ambiri. Mumathirira mbali imodzi ya mzere, mbali inayo n'kuisiya iume, kenako pakapita sabata imodzi kapena ziwiri mumasinthana. Mizu ya kouma imatulutsa chizindikiro chopita ku masamba chowauza kuti atsekeko timabowo totulutsa nthunzi, pamene mizu ya konyowa ikupitiriza kumwetsa chomera. Mbewu imayamba kusamala madzi isanavutike.

Kwa wothirira ndi ngalande kapena pampu yopalasa ndi miyendo, zimenezi zimatanthauza kulowetsa madzi mu ngalande imodzi n'kudumpha yotsatira, ulendo winawo n'kusintha. Zimayenda bwino m'dothi losunga chinyontho. Pa mchenga mbali youmayo imauma mopitirira ndipo mizu yake imafa.

Kodi kuli kumene alimi amachita zimenezi mwadala n'kupindula?

Kuli, ndipo paliponse chinsinsi chake n'chakuti alipo wolipira kukoma. Ku California, kumene kumalimidwa matimati ambiri a m'mafakitale a ku America, alimi amachepetsa kapena kusiya kuthirira masabata omaliza asanakolole. Fakitale yopanga phala la matimati la m'zitini ntchito yake ndi kuphwetsa madzi pamoto, ndipo pamafunika makilogalamu pafupifupi 6 a matimati kuti patuluke kilogalamu imodzi ya phalalo. Brix akakwera pang'ono chabe, fakitale imapulumutsa mafuta ambiri ophwetsera madziwo.

Ku Italy, m'mbali mwa phiri la Vesuvius, amalima timatimati totchedwa Piennolo, mwamwambo popanda mthirira. Timakhala ndi khungu lolimba ndi shuga wambiri, moti amatimanga m'magulu ndi chingwe n'kutipachika m'nyumba, n'kumadya miyezi ingapo. Mu 2009 European Union inateteza dzina la mtundu umenewu. Ku Japan matimati olimidwa ndi madzi ochepa m'nyumba za pulasitiki, ofika Brix 8 kapena kuposa, amagulitsidwa ngati zipatso pa mtengo wokwera.

Kwathu, amene angapeze phindu lotere ndi wogulitsa kumahotela, kumalo odyera ndi kwa makasitomala odziwana nawo amene amabwerera chifukwa cha kukoma, komanso amene amaumitsa matimati padzuwa, pakuti a madzi ochepa amauma msanga.

Ndinachepetsa madzi koma matimati sanafiire bwino, pamwamba pake pali chikasu. Chalakwika n'chiyani?

Kutentha. Lycopene amapangika bwino nyengo ikakhala yofunda pang'ono, cha m'ma digiri 20 mpaka 25, ndipo chipatso chikatentha kupitirira 30 mpaka 32 amasiya kupangika. Ludzu likapitirira, masamba amapindika kapena kuuma, zipatso zimakhala pambalambanda, ndipo chipatso chowombedwa ndi dzuwa chimatentha kuposa mpweya wozungulira. Mbali yoyang'ana dzuwayo imatsala yachikasu, mwinanso kuyera n'kupsa. M'madera otentha monga kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, mwezi wa Okutobala kuchepetsa madzi kukhoza kutsitsa lycopene m'malo momukweza. Musamadule masamba ophimba zipatso, ndipo kukatentha kwambiri thyolani matimati akangoyamba kufiira, akapsere pamthunzi. Kuchepa kwa potaziyamu m'dothi nakonso kumabweretsa chikasu cha pamwambachi.

Madzi a mjigo wathu ndi amchere pang'ono. Ndingachepetsebe?

Samalani kwambiri. Mchere umalepheretsa mizu kukoka madzi, choncho mbewu imakhala ikumva kale ludzu ngakhale dothi likuoneka lonyowa. N'chifukwa chake matimati a ku Pachino ku Sicily ndi a mtundu wa Raf ku Almería ku Spain, othiriridwa ndi madzi amchereko, amatchuka ndi kukoma. Koma kuchepetsa madzi amchere kumaunjika mcherewo pamizu chifukwa palibe madzi otsalira outsitsa pansi. M'madera ena a Chikwawa ndi Nsanje, kumene mijigo ina imatulutsa madzi otere, mukaona zoyera pamwamba pa bedi likauma musachepetse konse. Mmalo mwake muzithira madzi ochulukirapo nthawi ndi nthawi kuti atsuke mcherewo.

Nanga tizilombo?

Akangaude ofiira amakonda mbewu yaludzu, kotentha ndi kouma. Tembenuzani masamba a m'munsi kawiri pa sabata. Mukaona timadontho tachikasu ndi ukonde wopyapyala kunsi kwake, bwererani ku madzi okwanira. Mbewu imene mizu yake ili ndi zotupa za tinyongolotsi ting'onoting'ono ta m'dothi musaichepetsere madzi, imamwa movutikira kale. Ubwino ulipo ndi wakuti kuthira madzi patsinde, osanyowetsa masamba, kumachepetsa chiwawu.

Kodi kuchuluka kwa madzi n'kumene kumachititsa matimati a m'dzinja kukhala amadzimadzi?

Eya. Madzi amachuluka, ndipo mitambo imachepetsa dzuwa limene masamba amafuna kuti apange shuga ndi vitamini C. Mvula simungaichepetse, koma mizere yokwera ndi ngalande zotaya madzi zimathandiza.

Kodi michere yowonjezerayo imafikadi m'thupi tikaphika?

Zimadalira kaphikidwe, ndipo kaphikidwe kakhoza kusintha zambiri kuposa kathiriridwe. Vitamini C amawonongeka ndi moto, makamaka ndiwo zikabwata nthawi yaitali. Munthu wamkulu amafuna mamiligalamu 45 patsiku malinga ndi FAO ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, ndipo chipatso chimodzi chokulirapo pang'ono chosaphika chimapereka pafupifupi gawo limodzi pa magawo atatu a amenewa. Vitamini C amathandizanso thupi kutenga ayironi wa mu nyemba, bonongwe ndi nkhwani, zomwe n'zofunika kwa amayi oyembekezera ndi ana. Choncho ndi bwino kuthira ena mwa matimati ndiwo zitatsala pang'ono kupsa, kapena kudya otsukidwa bwino aawisi ndi anyezi pambali pa nsima.

Lycopene ndi wosiyana. Sawonongeka msanga ndi moto, ndipo thupi limamulandira bwino matimati akaphikidwa ndi mafuta, pakuti amasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Kukazinga matimati m'mafuta pang'ono, kapena kuwathira mu ndiwo zotendera, popeza nsinjiro zili ndi mafuta akeake, kumathandiza kwambiri. Amayi ophika amazindikiranso kuti matimati a madzi ochepa amalemeretsa msuzi msanga, awiri n'kugwira ntchito ya atatu.

Kodi matimati oterewa angachize kapena kupewetsa matenda?

Si mankhwala. Lycopene wafufuzidwa kwambiri pa nkhani ya khansa ya prostate ndi matenda a mtima, koma palibe umboni woti matimati amachiza matendawa. Ndi chakudya chabwino pakati pa zakudya zamagulu asanu ndi limodzi. Wodwala impso amene anauzidwa kuchipatala kuti achepetse potaziyamu akumbukire kuti matimati ali naye wambiri.

Ndikufuna kuyesa. Ndiyambe bwanji?

Musayese dimba lonse. Sankhani mabedi awiri oyandikana, a mtundu umodzi, owokeredwa tsiku limodzi, a dothi ndi feteleza wofanana. Onse muwathirire mofanana mpaka zipatso zoyambirira ziyambe kufiira. Kuyambira pamenepo bedi limodzi lichepetsedwe keni imodzi pa makeni asanu aliwonse, koma lizithiriridwa masiku omwewo ndi linzake, makamaka m'mawa. Pokolola ikani zipatso za bedi lililonse padera. Yezani pa sikelo, werengani zakuda kunsi ndi zong'aluka, dulani chimodzi cha uku ndi chimodzi cha uko muone kukhuthala kwa mnofu ndi kuchuluka kwa madzi otuluka, ndipo apabanja alawe osawauza kuti ichi n'cha bedi liti. Sungani zipatso zisanu za bedi lililonse pamthunzi muone zoyamba kufewa. Lembani m'kope makeni amene mwasunga ndi ndalama imene bedi lililonse labweretsa pamsika, ndipo muwaonetse alangizi a m'dera lanu musanawonjezere mabedi nyengo yotsatira.